Wotsegula Maso Popemphera

Lamulungu, 6 Okutobala 2024

Andisankha. Ine Loyce, mkulu wa mpingo. Ndalemba dala kuti ndione ngati papepala zikumveka bwino. Ayi, zikadali zamisala.

A kalaliki alengeza mayina awiri chopereka chitatha: langa ndi la a Herbert a hadiweya aja. Mayinawa awalengeza masabata atatu kuti amene ali ndi chifukwa chotiletsera akanene kuseshoni, kenako pa 27 atiika manja. Nthungululu za amvano, mayo ine. Amayi anachita kudzuka pabenchi, miyendo yovutayo osaikumbuka, mpaka duku linagwa. Ine ndinangokhala ngati nkhuku yonyowa, kumwetulira mano okha.

Amene ali ndi chifukwa akanene. Chifukwa chilipo, ndipo wochidziwa ndine ndekha: sindikhulupirira. Zaka khumi ndi zisanu tsopano. Ku Chinamwali ndimapita Lamulungu lililonse chifukwa Amayi miyendo inawafooka ndipo galimoto ndi yanga. Ndimawatenga, ndimakhala, ndimaimba chifukwa nyimbo ndimazikonda, ndimaponya envelopu, ndimawabweza kunyumba. Basi. Ndimayesa ndabisala bwino. Kani ndimabisala poonekera.

Ndikudziwa pamene ndinadzipalira. Pa Pepa Sande ya mu Julaye, ija ya ndalama zamapepala zokhazokha, anandiika mlendo wolemekezeka, ine n'kuvomera kuti Amayi asangalale. Envelopu ndinaikhutitsa. Walira mvula walira matope.

Lolemba, 7 Okutobala

Tsiku lonse kuofesi mutu uli pa a Dunstan.

Dzina lawo linaliponso pa chisankho, kachitatu aka. Munthu wapalasa kabaza pa siteji ya Chinamwali mpaka imvi, koma palibe Lamulungu limene tchalitchi chinatsegulidwa ndi wina. Kusesa ndi iwo. Belu, limu ya lole ija yopachika pamtengo wa mango, amaliza ndi iwo. Mapemphero a mlaga, aja a m'makomo Lachitatu, amatsogolera ndi iwo akulu ampingo akatanganidwa, ndipo amatanganidwa sabata iliyonse. Chaka chija Amayi anagwa ndi bipi, a Dunstan ankafika m'mawa uliwonse asanapite kusiteji, kugwada pasimenti, kupemphera mpaka thukuta. Ine ndinkabwera ndi mapilitsi n'kuchoka msanga kuti ndisachedwe kuntchito.

Sukulu analekezera sitandade 4. Baibulo amawerenga ndi chala.

Ndawafunsa Amayi pafoni kuti zatheka bwanji kuwadumphanso munthu wotere. Akuti anthu amanena kuti kumisonkhano yaikulu mapepala amabwera m'Chingerezi, ndiye pafunika munthu wosachititsa mpingo manyazi. Komanso denga. Denga likudontha paliponse ndipo mvula ili pafupi. Ndiye asankha wamadigiri awiri ndi wogulitsa malata. Mulungu ngati aliko, waseka mpaka kugwira nthiti.

Lachitatu, 9 Okutobala

Ntchito nayo yandipeza pabala pomwe. Tikukonza mayankho a kafukufuku wa m'makomo amene ofesi yathu inachita m'madera angapo a kuno ku Zomba. Funso 41: mumapita kangati kumapemphero? Funso 42: chikhulupiriro n'chofunika bwanji pa moyo wanu? Bashir, mnzanga wa desiki yoyandikana, amafuna tiike mayankhowo pambali pa sukulu ndi malipiro a munthu, tione ngati pali nkhani.

M'mapepala ochepa amene tadutsamo, amadigiri ndi olandira pamwezi alemba "sabata iliyonse" mosaphonya. Ogulitsa tomato ndi aganyu amaphonya. Wina anauza wofunsa kuti alibe nsapato, wina kuti Lamulungu ndi pamene makasitomala amachuluka, wina kuti amachita manyazi mbale ikamadutsa iye manja ali m'khosi. Koma pa 42 onsewo yankho ndi limodzi: "kwambiri". Mayi wina anachita kuonjezera kuti nanga ndidalire ndani, wofunsayo n'kulemba m'mphepete.

Bashir anati ndiye kuti ophunzira ndiwo opemphera. Ndinati ayi, ophunzira ndiwo ali ndi nsapato. Anaseka, nati ndi kwawo komwe, ukangogula galimoto mawa lake uli m'komiti ya mzikiti. Kenako anandifunsa kuti nanga iwe pa 42 ungalembe chiyani. Ndinati tiyi wanga wazizira, ndikatenthetse.

Sindinakhalepo pansi kuganiza kuti chikhulupirirocho chinachoka liti. Panalibe buku limene linandisokoneza mutu monga ankandichenjezera amvano, tsiku lija anandigulira sutikesi ndi bulangete lopitira kukoleji. Chinangozima pang'onopang'ono ngati makala m'mbaula, chaka chachiwiri. Nditayamba ntchito chinatheratu. Zonse zimene ndinkagwadira ndili mwana, shuga, fizi, mankhwala a Amayi, nsapato za Khirisimasi, ndinayamba kungolowa m'sitolo n'kugula. Tsiku lina ndinagwada n'kupeza kuti ndilibe chopempha, komanso sindikumva kuti pali amene akundimvetsera. Ndinadzuka n'kukasamba.

Lachisanu, 11 Okutobala

Amayi agula nsalu ya banja lonse. Telala wa ku Zakazaka akufuna miyezo yanga mawa. Uthenga wapita kale kwa amalume a Justus ku Milanje kuti abwere ndi onse. Ngati ndavomera kapena ayi, palibe wandifunsa.

Lamulungu, 13 Okutobala

Kulengeza kwachiwiri. Palibe wakanena kanthu.

Anthu asintha kale. Azimayi amene anandisambitsa ndili khanda akundipatsa moni wa manja awiri, mawondo opinda. Andichotsa pa benchi ya Amayi kundiika pampando wa pulasitiki pafupi ndi gome, akuti ndizizolowera. Kutentha kwa Okutobala pansi pa malata obooka aja, dzuwa likulowa timizeretimizere, thukuta kutsika ndi msana.

Pemphero lalitali la abusa, ine maso ali chitsegukire monga mwa masiku onse. Ndinasiya kutseka kalekale. Ndikatseka ndimadziona wabodza kawiri. Kwathu kutsegula maso popemphera unali mlandu waukulu. Amayi ankati amatero ndi wakuba ndi mfiti basi, ndipo khofi limene ndinalandira aphunzitsi a Sande sukulu atandinenera ndimalimvabe patsaya. Amayiwo akuti chibatizidwire sanatsegulepo maso pemphero lili m'kati, ngakhale tsiku lija nkhuku inawadumphira pamiyendo kumlaga.

M'tchalitchi monse munthu mmodzi yekha ndiye amaloledwa kuyang'ana: a Dunstan. Amaima pakhomo la m'mbali kulondera njinga za anthu, chibereni ziwiri chaka china pemphero lili m'kati. Lero, pampando watsopanowu, maso athu anakumana. Sanadabwe. Anangogwedeza mutu pang'ono, monga amachitira akamadutsana ndi kasitomala wakale, n'kubwerera ku njinga zawo.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Tsiku la Anakubala, kuntchito kulibe. Ndinapanga pulani: ndiwatengere Amayi kuphiri, kutali ndi makutu a Chinamwali, ndiwauze. Ndi mawu omwe ndinaloweza posamba.

Amayi akhala m'munsi mwa phirili moyo wawo wonse, koma pamwamba ankafika kale, wapansi, kokatola nkhuni. Msewu wokhotakhota uja anagwira chitseko ndi manja awiri akuimba chapansipansi. Tinagula sitiroberi m'mbali mwa msewu, iwo akuti n'zowawasa, anthu a m'tauni amakonda zachabe. Tinakhala paudzu pafupi ndi damu, kamphepo kozizira bwino, fungo la paini. Ndinati Amayi, pali nkhani. Anati nawonso ali nayo, ndipo wamkulu ndiye amayamba.

Nkhani yake ndimaidziwa mwapatalipatali, koma sanandiuzepo ndi pakamwa pawo. Atatenga mimba yanga, bambo anga n'kuthawira ku Joni, mpingo unawadula. Chaka ndi theka pa benchi yakumbuyo kwenikweni, ya odulidwa, ine ndili kumsana. Mgonero ukayamba ankatuluka kukaima pansi pa mango uja. Mayi wina, anamwalira kale, anawauza pamaso kuti mwana wa patchire sangatuluke kanthu. Atabwezeredwa, yunifolomu ya mvano anaidikira zaka zina zisanu.

"Pa 27," anatero, "ndikakhala kutsogolo ndione mwana wa pa benchi ija akumuika manja. Zikatero, ngakhale Ambuye anditenge mawa lake, ndapita wokhuta."

Anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje n'kufunsa kuti nanga yako ija. Ndinati ndimafuna kufunsa ngati diresi tisoke la manja aatali kapena aafupi.

Aatali, akutero. Mkulu wa mpingo saonetsa mikono.

Potsika ndinakwiyira aliyense, ndi onyamula nkhuni omwe, ndi minibasi za m'tauni zomwe. Ndine wamantha ndipo ndadzida.

Lachinayi, 17 Okutobala

Ndinatuluka msanga kuntchito, ulendo kunyumba ya abusa. Ndinati poti kwa Amayi ndalephera, mwina awa.

Ndinayamba ndi zifukwa zing'onozing'ono. Ntchito imandituma kumidzi kawirikawiri. Akuti a Herbert azigwirizira. Sindili pabanja. Akuti lamulo silikaniza, bola mbiri yabwino. Ndine mwana, alipo akuluakulu ngati a Dunstan. Apa anapumira m'mwamba. Akuti a Dunstan ndi mzati wa mpingo, palibe wotsutsa, koma mpingo wa masiku ano ukufunanso anthu otha kukhala patebulo ndi mabungwe. Achinyamata onse ophunzira akuthawira ku mapemphero a Chingerezi m'tauni, kumene kuli makibodi ndi mafani, kuno kukutsala agogo ndi ana. Ine ndiye umboni woti munthu angathe kuphunzira osasiya kwawo.

Ndinalimba mtima. Ndinati abusa, ndili ndi zokayika zazikulu pa chikhulupiriro. Anamwetulira ngati ndanena kuti ndili ndi chimfine. Tomasi nayenso anakayika, akutero, udindo ndi umene umakulitsa munthu. Sindinawauze kuti Tomasi anakayika sabata imodzi. Mawu oti "sindikhulupirira" anafika pammero n'kubwerera. Ndinaona kuti ndikawatulutsa, mawa ali kuseshoni, mkuja ali pa mjigo, ndipo Amayi awamvera kwa otunga madzi.

Anandipatsa kapepala ka mafunso a tsikulo kuti ndikonzekere. Loyamba: Kodi mukhulupirira Mulungu mmodzi, Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera, ndi kuvomereza Yesu kukhala Mpulumutsi wanu? Yankho analilemba kale m'munsi: Inde, nditero. Aliyense amayankha payekha, ataima, mpingo wonse uli chete.

Potuluka anandionetsa pafoni chithunzi cha malata abuluu.

Lamulungu, 20 Okutobala

Kulengeza komaliza. A kalaliki anadikira kanthawi akuyang'ana uku ndi uku. Zii. Ine mumtima ndimapempha, kaya kwa ndani, kuti wina aimirire andinamizire ngakhale zamowa.

Lolemba, 21 Okutobala

Ndinayesa njira ya kumbuyo. Pali ulendo wa kafukufuku wa ku Chigwa cha Mtsinje wa Shire wonyamuka Lachisanu, masabata awiri. Ndinalowa kwa abwana kudzipereka. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, nati iwo nkhani yanga anaiona kale pa gulu la pafoni la akazi awo, ndipo sangalande mpingo wa Mulungu munthu pa tsiku lotere. Atumiza Bashir. Anadzuka n'kundigwira dzanja. Zomba ndi kamudzi, ukayetsemula ku Chinamwali akuti pepani ku Zakazaka.

Diresi latha. Likundikhala bwino, ndicho chikundipsetsa mtima.

Lachitatu, 23 Okutobala

Galimoto ndinaisiya kuofesi. Ndinakwera minibasi mpaka pa siteji ya Chinamwali, ndinadutsa onse okuwa "sisteri, sisteri", n'kukaima pa njinga ya a Dunstan. Anadabwa. Anapukuta kampando ndi chipewa. Ndinati akandisiye kwa Amayi, koma tidzere njira yaitali.

Kulankhula ndi msana wa munthu n'kosavuta. Ndinayamba ndi kupepesa, kuti udindowu unayenera iwo. Anati asa, zimenezo zisiyeni. Pa chitunda anatsika, nanenso ndinatsika, tikuyenda njinga ili pakati. Pamenepo ndinangoti bambo Dunstan, ine zija za Mulungu zinandichokera. Koyamba kuzitulutsa pakamwa.

Sanaime n'komwe. Akuti akudziwa. Khomo la m'mbali lija limaonetsa nkhope zonse, ndipo andiona zaka zambiri ndikuyang'ana mabowo a denga anthu akupemphera. Sanauze munthu chifukwa ntchito yawo ndi njinga.

Ndinati ndiye bwanji simunakanene kuseshoni masabata atatu onsewa, bwenzi atasankha inu. Yankho lawo ndililemba mmene analinenera.

"Amayi, ine dzanja ndinakweza pa dzina lanu. Chikhulupiriro pampingo pathu chilipo chambiri, chochita kutayikira pansi. Chimene tilibe ndi malata. Denga lija ndalipempherera zaka zisanu ndi chimodzi, yankho lake ndinu. Tsono ndikane yankho chifukwa labwera lotsegula maso?"

Ndinapsa mtima. Ndinati ine si malata, ndine munthu, ndipo akufuna ndiname pamaso pa anthu mazana. Ndinati dengalo ndithandiza popanda udindo. Anati mwina, koma wothandiza ali kunja amatopa msanga. Awaona ambiri, digiri ikangobwera chaka chamawa ali m'tauni, kuno amangotumiza moni. Udindo ndi chingwe, akutero, mbuzi yabwino amaimangirira. Ananena akuseka, ine sindinaseke.

Ndinafunsa ngati sizikuwawawa. Tinadutsa pa mjigo. Kenako anati zimawawa, katatu n'kambiri, akazi awo analira. Koma tchalitchi sangachisiye. Mulungu anawasungira ana pa njala, komanso kulibe kwina kumene munthu wa sitandade 4 amasungitsidwa makiyi.

Pakhomo pa Amayi anakana kulandira kanthu. Anangoti Lamulungu, pa pemphero loika manja, nditseke maso. Kamodzi kokha, chifukwa cha mayi anga. Anatembenuza njinga kuthamangira kumlaga, Baibulo lili m'jumbo pa keriyala.

Ndinapita kukafuna wondimasula, ndabwera ndi mfundo ina pachingwe.

Lachisanu, 25 Okutobala

Desiki ya Bashir ili yokha. Ndinatsegula fomu ya kafukufuku pa kompyuta n'kudzaza ndekha, zosewera. Sukulu: digiri yachiwiri. 41: sabata iliyonse. 42 ndinadumpha. Makinawo akana kupitirira, akuti yankhani funso ili.

Loweruka, 26 Okutobala

Kwa Amayi kwadzaza. Amalume a Justus afika ndi chigulu, nkhuku ziwiri ndi thumba la makaka. Chilomwe chili pwirikiti pabwalo. Aliyense akundigwira dzanja, "akulu ampingo, akulu ampingo", ana akuuzidwa kuti alimbikire sukulu adzakhale ngati ine.

Masana ndinawapeza Amayi okha kuseri akusita bulauzi yoyera ndi simbi ya makala. Ya magetsi imene ndinawagulira akuti siwongola kolala. Ndinakhala pa ndowa yovundikira. Ndinafunsa ngati nkhani wamba kuti munthu atamachita zabwino zonse, kuthandiza mpingo, kusamala makolo, koma mumtima mulibe chikhulupiriro, iwo angamuone bwanji.

Simbi inaima m'mwamba. Anafunsa kuti ndikunena ndani. Ndinati mnzanga wa kuntchito. Anandiyang'ana nthawi yaitali, mpaka ine ndinayamba kutola timakala pansi. Kenako anati munthu wotero ngomvetsa chisoni kuposa chidakwa, chifukwa chidakwa chimadziwika, anthu n'kuchipempherera. Anauzira simbi n'kupitiriza. Sanandilankhulenso mpaka pamene ndimatsanzika, ndipo "uyende bwino" wake anali wouma.

Ndalakwitsa kufunsa. Ndikananena zonse, kapena kungokhala chete. Ine ndasankha pakati, poipa kuposa ponse.

Lamulungu, 27 Okutobala

Ndikulemba m'galimoto, panja pa tchalitchi. Anthu apita kukadya.

Ndayankha. "Inde, nditero." Mawu anatuluka bwinobwino, omveka mpaka kumbuyo, ngati ndikuwerenga lipoti kuofesi. Denga silinagwe.

Kenako tinagwada, ine ndi a Herbert, abusa ndi akulu ampingo n'kutizungulira. Manja pamutu panga, wina pamwamba pa mnzake. Ndinatseka maso monga anandiuzira a Dunstan. Ndinayesa, ndithu ndinayesa. Koma manja aja kulemera kwake, majekete atandizinga mbali zonse, diresi la manja aatali, pemphero losatha. Mpweya unandithera. Ndinatsegula.

Pakati pa majekete awiri ndinaona khomo la m'mbali. A Dunstan atagwada, atatsinzina, milomo ikuyenda, njinga zili zokha panja. Ndinatembenuza maso pang'ono. Benchi yoyamba, mayunifolomu oyera mzere, mitu yonse yowerama. Umodzi wokha ayi. Amayi, maso ali tong'o pa ine.

Sindikudziwa kuti tinayang'anana nthawi yaitali bwanji. Ndikanatha kutsekanso msanga, kunamizira thukuta. Sindinatero. Iwonso sanatero. Pa "Ameni" nthungululu zinaphulika, amvano onse kuimirira, Amayi okha ali chikhalire manja ali pamiyendo.

Panja anthu anandiunjikira, zithunzi, amalume akuvina. Nditapeza mpata ndinawatsegulira Amayi chitseko cha galimoto monga mwa nthawi zonse. Sanalowe. Anafunsa chapansipansi, osandiyang'ana.

"Mnzako wa kuntchito uja, zinamuyamba liti?"

"Ali kukoleji, Amayi."

Anagwedeza mutu. "Ndiye zaka zonsezi Lamulungu umangonyamula katundu."

Ndinati ayi Amayi, si choncho, ndimabwera chifukwa cha inu. Anati n'chimene akunena.

Anakodola a Dunstan. Ndi miyendo yofooka yomweyo anakwera pakampando, chammbali, atagwira siketi. A Dunstan anandiyang'ana kamodzi n'kuyamba kupalasa. Ndinaona duku loyera likutsika njira ya kumjigo mpaka linakhota.

A kalaliki angochoka kumene pawindo. Andipatsa ndandanda ya milaga. Mkulu wa mpingo watsopano amayambira mlaga wa kwawo, akutero, ndi mwambo. Lachitatu likubwerali, 4 koloko, wotsogolera pemphero ndine. Malo ake: pakhonde pa Amayi.